Setilaiti yathuyathu? Tifunse kaye a ku Angola

Loweruka lapitali tinadzazana thothotho m'kanyumba koonetsera mpira pa Mtakataka pano. Mpira utafika pokoma, mvula yamkuntho inatulukira cha kunyanja, chithunzi n'kuuma gwa! Mkulu wina wakhala kumbuyo kwanga anakalipa kuti, "Ndi zimenezitu zobwereka! Dziko lathu likadakhala ndi setilaiti yakeyake, bwenzi tikuonera."

Anthu anawomba m'manja, ine ayi. Ndikuuzani chifukwa chake.

Mwaonapo kuti mbale ija ili padenga siyendayenda? Akaikhoma, basi. Chifukwa chake n'chakuti setilaiti yomwe imaloza ili pa mtunda wa makilomita 35,786 pamwamba pa mzere wa ikweta, ndipo imazungulira dziko kamodzi pa tsiku, liwiro lofanana ndi mmene dzikolo lizungulirira. Kwa ife apansi imaoneka ngati yangoima malo amodzi. Mvula ikakula, madzi amatchinga uthenga usanafike pa mbale. Ndiye achimwene aja adziwe: ngakhale setilaitiyo itapakidwa mbendera ya Malawi, chithunzi chikadaumabe.

Sindikunena kuti setilaiti ya dziko ndi yachabe, ayi. Canada inakweza yake, Anik A1, mu 1972 kuti ilumikize madera akutali a kumpoto kwake. Indonesia inatsatira ndi Palapa mu 1976 poti dzikolo ndi zilumba masauzande. Amenewo anali ndi chifukwa. Nanga ife? Dziko lathu ndi kamzere kowonda, zilumba zokhala anthu ambiri ndi zochepa chabe, monga Likoma ndi Chizumulu.

Tsono tamvani zomwe zinaona anzathu muno mu Africa. Nigeria inakweza NigComSat-1 mu 2007, koma pofika November 2008 inali itafa chifukwa cha vuto la magetsi a dzuwa. Ina yolowa m'malo inakwera mu 2011. Angola inalowetsa madola oposa 300 miliyoni pa AngoSat-1. Anaikweza mu December 2017, osakhalitsa inasiya kuyankha, ndipo anadikira mpaka October 2022 kuti AngoSat-2 ikwere. Amenewotu ndi mayiko a mafuta, eti? Chinthu chikawonongeka kumwambako palibe makaniko wokwera ndi sipanala.

Vuto lathu lenileni lili pansi pompano. Chaka chatha mlamu wanga anayamba kumva matenda a uchembere usiku, kumudzi cha kunyanja. Foni tinali nayo, mayunitsi analimo, netiweki ng'oo! Ndinachita kukwera pachulu mumdima, foni m'mwamba ngati ndikupempherera mvula, kuti ndipeze galimoto yopita naye ku Mua. Mulungu ndi wabwino, mayi ndi mwana ali moyo. Koma usiku umenewo sindinkasowa setilaiti ya madola mamiliyoni. Ndinkasowa nsanja imodzi yokha yokhala ndi magetsi osazima.

Zodabwitsa n'zakuti pa Golomoti pomwepa pali malo opangira magetsi a dzuwa okwana mamegawati 20 omwe anayamba ntchito mu 2022. Dzuwa tili nalo lochita kutiwaula. Chikuvuta n'chiyani kuti nsanja za m'midzi zizidya lomwelo?

Ndipo zinthu kumwambako zasintha. Kuyambira 2023 Starlink inalowa m'dziko muno ndi tima setilaiti tambirimbiri toyenda pafupi, makilomita ngati 550 okha. Mtengo wake munthu wogulitsa usipa sangaukwanitse, komabe zikutionetsa kuti kubwereka si manyazi. Ngati tifunadi yathu, tisonkherane ndi oyandikana nawo, paja mutu umodzi susenza denga.

Choncho inu a ndale, tsiku lina mukadzabwera pamsonkhano n'kutilonjeza setilaiti, ine ndidzaimika mkono. Funso langa lidzakhala limodzi: kodi pachulu paja ndisiye liti kukwerapo?