Mkangano Wa Zipani Ku Amereka Pa Za Kutsegula Nkhokwe Ya Boma

Pa 17 February 2009, Purezidenti Barack Obama anasaina lamulo lolola Boma la Amereka kutulutsa madola mabiliyoni 787 kuti lidzutse malonda ndi nchito zimene zinali kufa m'dziko lonselo. Masiku amenewo mabanki akulu anali atagwedezeka, mafakitale anali kutsekedwa, ndipo anthu oposa 700,000 anali kucotsedwa nchito mwezi uli wonse. Koma m'Nyumba ya Aphungu munalibe phungu ndi mmodzi yemwe wa cipani ca Republican amene anabvomereza lamulolo, ndipo m'nyumba yaciwiri, imene aicha Senate, anabvomereza atatu okha a cipanico: Olympia Snowe ndi Susan Collins a ku Maine, ndi Arlen Specter wa ku Pennsylvania.

Mkangano umenewu uyenera kuti munthu ali yense wolandira malipiro pa mwezi aumvetse bwino, popeza funso lace ndi lakuti kodi Boma licitenji pamene anthu ofuna nchito ali ambiri ndipo wowalemba palibe. Yankho loyenera nlakuti Boma litsegule nkhokwe yace msanga, ngakhale ndi ndalama zokongola, ndipo lidzabweze ngongoleyo malonda akadzayendanso. Zocitika za ku Amereka zionetsa kuti zipani zonse ziwiri zidziwa zimenezi, koma zikumbukira kapena kuiwala molingana ndi munthu amene ali pa mpando.

Poyamba kuyenera kulongosola cifukwa cace Boma licita nao zinthu zotere. Ndalama imene munthu mmodzi agulira cinthu ndiyo malipiro a mnzace. Wanchito wa m'fakitale akacotsedwa, aleka kugula m'sitoro; mwini sitoro aona katundu wangokhala, nacotsa wogulitsa wace; telala amene anali kusokera onse awiriwo asowa wobwera ndi nsaru. Banja limodzi likasunga ndalama pa nthawi ya mantha licita mwanzeru, koma mabanja onse ndi makampani onse akamanga matumba ao tsiku limodzi, onsewo asauka pamodzi. Izi ndizo zimene John Maynard Keynes, katswiri wa za cuma wa ku Mangalande, analongosola m'caka ca 1936. Iye anaonetsa kuti pa nthawi yotere Boma ndilo lokha lokhoza kukongola ndi kugula pamene onse aopa. Pali njira yinanso, ndiyo kutsitsa ciongoladzanja kuti anthu akongole mosabvuta, koma banki yaikuru ya Amereka, Federal Reserve, inali itatsitsa kale ciongoladzanjaco kufikira pafupi ziro m'December 2008, ndipo panalibenso potsitsira.

Amereka anaphunzira phunziro limeneli kale ndi misozi. M'caka ca 1933 munthu mmodzi mwa anai ali onse ofuna nchito anali lova. Purezidenti Franklin Roosevelt anayambitsa nchito za Boma zomanga miseu, milatho ndi masukulu, ndipo bungwe limodzi lokha la Works Progress Administration, loyambidwa mu 1935, linalemba anthu okwana mamiliyoni 8.5 pa zaka zace zisanu ndi zitatu. Ulova unayamba kutsika. Koma mu 1937 a Roosevelt anamvera aja oopa ngongole nacepetsa ndalamazo nthawi isanakwane, ndipo malonda anagwanso kolimba kufikira 1938.

Otsutsa lamulo la 2009 ananena mau atatu, ndipo mau aowo ayenera kuyankhidwa mwaulemu. Anati ngongole idzalemetsa ana ndi zidzukulu. Anati Boma licedwa ndiponso lisakaza. Anatinso kutsitsa msonkho kuposa kugawa ndalama. Mau acitatuwa ndiwo osabvuta kuyankha, pakuti gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalamazo linali kutsitsa msonkho kumene: wanchito anakhululukidwa madola 400 pa caka, ndipo mwamuna ndi mkazi pamodzi madola 800. Gawo lina linapita kwa maboma a zigawo kuti asacotse aphunzitsi ndi kuti odwala osauka aonedwebe ku cipatala, lina kwa malova, ndipo lotsala linapita ku miseu, njanji, magetsi ndi zina zotere. Za kucedwa zinali zoona pang'ono, ndipo a Obama eni ace anabvomera mu 2010 kuti nchito zomanga zokonzeka kuyambidwa pompo zinali zosowa. Kunena za ngongole, ncoona kuti inakula. Koma munthu wokhala pakhomo sapereka msonkho, kotero kuti ulova wotalika nao ukulitsa ngongole ya Boma.

Cida cacikuru ca otsutsa cinali cakuti alangizi a Purezidenti, Christina Romer ndi Jared Bernstein, analemba m'January 2009 kuti lamulolo likaperekedwa malova sadzapitirira 8 mwa anthu 100 ali onse, koma pofika October anakwana 10. Apa otsutsa anati mankhwala alephera. Cimene iwo sanacichule ncakuti nthenda inali yaikuru kuposa momwe anaiyesera poyamba. Owerengera a Boma ananena poyamba kuti m'miyezi itatu yotsiriza ya 2008 cuma ca dziko cinatsika pa mlingo wa 3.8 mwa 100 pa caka, koma atawerenganso bwino pambuyo pace anapeza kuti cinatsika koposa 8 mwa 100. Ofesi ya Congressional Budget Office, imene siili ya cipani ciri conse, inawerengera m'August 2010 kuti lamulolo linali litasunga kapena kubala nchito za anthu pakati pa mamiliyoni 1.4 ndi 3.3. Tsono colakwa ca mankhwalawo cinali kucepa kwace.

Kuti munthu aone ngati otsutsawo anali kutsata ciphunzitso kapena cipani, angoyang'ana zaka zoyandikana. M'February 2008, caka cimodzi cokha m'mbuyo, Purezidenti George W. Bush wa Republican anasaina lamulo la madola mabiliyoni 152, ambiri mwa iwo ogawira anthu kuti agule zinthu, ndipo zipani zonse ziwiri zinabvomereza, ngakhale kuti a Democrat ndiwo anali ambiri m'nyumba zonse ziwiri. Mu 2009, bvuto litakula kwambiri koma mpando utasintha, a Republican anakana. Mtsogoleri wao m'Senate, Mitch McConnell, ananena poyera m'October 2010 kuti cinthu cacikuru cimene iwo anafuna ncakuti a Obama asasankhidwenso kaciwiri. Atapambana m'Nyumba ya Aphungu pa cisankho ca November caka comweco, anakakamiza Boma mu 2011 kuti licepetse ndalama zace, malova akali pafupi 9 mwa 100.

Mu 2017 Purezidenti anali Donald Trump wa cipani cao, ndipo mantha a ngongole aja anagona tulo. Anapereka lamulo lotsitsa msonkho, makamaka wa makampani, limene linawerengedwa kuti lidzacepetsa thumba la Boma ndi madola ngati mabiliyoni 1,500 pa zaka khumi, ndipo anacita izi malonda ali kuyenda bwino, nthawi imene Keynes mwini akadati ndiyo yobweza ngongole. M'March 2020, mliri wa Covid-19 utatseka dziko, Senate inabvomereza madola mabiliyoni 2,200 ndi mavoti 96, wokana panalibe. Caka cotsatira, Purezidenti Joe Biden wa Democrat anapempha mabiliyoni 1,900, ndipo m'March 2021 lamulolo linapyola m'Senate ndi mavoti 50 kwa 49, popanda wa Republican ndi mmodzi yemwe. Kawiri konse pamene wopempha anali wa Republican, a Democrat anathandiza. Kawiri konse pamene wopempha anali wa Democrat, a Republican anafulatira.

Mtengo wa masewera otere aulipira anchito. M'bvuto la 2008 Amereka anataya nchito ngati mamiliyoni 8.7, ndipo ciwerengero ca anchito sicinabwerere pamene cinali kufikira 2014, zitapita zaka zisanu ndi cimodzi. M'zaka zimenezo maboma a zigawo anacotsa aphunzitsi zikwi zambiri, ndipo akazembe atatu a Republican, Scott Walker wa ku Wisconsin, John Kasich wa ku Ohio ndi Rick Scott wa ku Florida, anakana ndalama zomangira njanji zimene zigawo zao zinali zitapatsidwa kale. Munthu wokhala caka cathunthu kapena ziwiri wopanda nchito ataya zambiri koposa malipiro a miyeziyo: nyumba ilandidwa, luso licita dzimbiri, ndipo olemba anchito amkayikira. Mu 2020 nchito zotayika zinali ngati mamiliyoni 22 m'miyezi iwiri yokha, koma zinabwerera pofika pakati pa 2022. Nzoona kuti mliri ndi kugwa kwa mabanki ndi nthenda zosiyana, komabe kufulumira ndi kukula kwa cithandizo kunali mbali yaikuru ya kusiyanako.

Cilungamo cifuna kuti a Democrat naonso ayesedwe ndi muyeso womwewo. Lamulo la 2021 linadza pamene cuma cinali kudzuka kale, ndipo linatsata malamulo ena akuru a 2020. Lawrence Summers, amene anali nduna ya za cuma ya Purezidenti Bill Clinton ndiponso mlangizi wa a Obama, anacenjeza m'February 2021 kuti ndalamazo zacuruka ndipo zidzakweza mitengo ya zinthu. A cipani cace sanamvere, mwina cifukwa anakumbukira kucepa kwa 2009 nafuna kuti asalakwenso motero. Pofika June 2022 mitengo inali itakwera ndi 9.1 mwa 100 pa caka cimodzi, cinthu cimene Amereka sanacione kwa zaka 40. Zifukwa zinalipo zinanso, monga kusowa kwa katundu m'madoko ndi nkhondo ya ku Ukraine imene inakweza mafuta ndi tirigu, ndipo ku Britain mitengo inakwera ndi 11.1 mwa 100 m'October caka comweco. Komabe akatswiri ambiri abvomerezana kuti lamulolo linaonjeza nkhuni pa moto. Akuru anati walira mvula walira matope, ndipo amene afuna kuti Boma lithandize ayenera kubvomera matopewo poyera, popeza kukwera kwa mitengo kupweteka koyamba wa malipiro ocepa. Ayeneranso kuchula zabwino zace: ndalama zothandiza mabanja a ana zinatsitsa ciwerengero ca ana osauka kufikira 5 mwa 100 mu 2021, ndipo zitalekeka cinakweranso kufikira 12 mwa 100 mu 2022.

Motero pali mafunso atatu oyenera kufunsa pa lamulo liri lonse lotere, kaya wolibweretsa ndi wa cipani citi. Kodi ndalamazo zifika msanga, anthu asanataye nyumba zao? Kodi zipita kwa anthu amene adzagulira zinthu tsiku lomwelo, monga malova ndi mabanja osauka, kapena kwa olemera amene adzangozisunga? Kodi zidzalekeka bvuto likatha? Njira yabwino koposa ndiyo kuika malamulo pasadakhale, onena kuti ulova ukafika pakuti cithandizo ciyambe cokha, ndipo ukatsika cilekeke cokha, kuti pasakhale kudikira mapangano a aphungu. Ndipo nkhokwe yotsegulidwa pa njala iyenera kudzazidwanso pa masika. Ici ncotheka, pakuti kuyambira 1998 kufikira 2001 Boma la Amereka linalandira ndalama zoposa zimene linatulutsa, ndipo zaka zambiri za nthawiyo Purezidenti anali wa Democrat pamene aphungu ambiri anali a Republican.

Nkhani imeneyi ikhudzanso maiko a kuno, cifukwa ogula a ku Amereka ndi ku Ulaya akaleka kugula, migodi ya m'Afirika imva. Mtengo wa mkuwa unagwa kucokera pafupi madola 9,000 pa tani m'July 2008 kufikira pansi pa 3,000 m'December, ndipo mgodi wa ku Luanshya m'Zambia unatsekedwa, anchito nabwerera kunyumba. Koma pali cenjezo kwa amene angafune kutsanzira Amereka m'zonse. Amereka akongola m'ndalama yace-yace, ndipo mu 2009 anakongola pa ciongoladzanja cocepa ndithu. Dziko lokongola m'madola a eni liribe ufulu wotere, monga Zambia anaonera m'November 2020 pamene analephera kulipira okongoza ace akunja. Maiko otere ayenera kusunga kwambiri pa zaka zabwino kuti adzakhale nako kotapa pa zaka zoipa.

Kukangana kwa zipani pa za ndalama za anthu nkoyenera m'dziko la ufulu, ndipo cipani cotsutsa cicita bwino kufunsa kumene dola liri lonse lapita. Cosayenera ndico kukana cithandizo cifukwa ca dzina la wocipempha, ndi kudikira kuti masautso a anthu adzabale mavoti pa cisankho cotsatira. Wanchito, kaya ali ku Detroit kaya ku Kitwe, acita bwino kusunga m'mutu zimene phungu ananena za ngongole pamene cipani cace cinali pa mpando, nazilinganize ndi zimene anena cipanico citatsika. Zikafanana, mau a phunguyo ayenera kumvedwa, ngakhale akhale otsutsa.