Rambo Amene Anthu Anamuiŵala

Dzina la Rambo silachilendo. Aliyense amene anakhalapo pa benchi m'nyumba zoonetsera kanema za m'misika, akalimva amakumbukira chimunthu chaminofu, chovula malaya, chomanga kansalu kumutu, chikupulula adani ndi mfuti. Mpaka lero mnyamata wandewu amapatsidwa dzina limeneli, ndipo amalinyadira. Komatu Rambo woyambirira sanali wotero, ndipo nkoyenera kuti aphunzitsi pamodzi ndi achinyamata amene angotsiriza sukulu adziŵe kusiyana kwake.

Kanema woyambayo, wotchedwa First Blood, anatuluka m'chaka cha 1982. Womutsogolera anali Ted Kotcheff, ndipo Sylvester Stallone ndiye anaseŵera ngati John Rambo. Nkhani yake inachokera m'buku limene David Morrell anasindikiza mu 1972. Dzina lochititsa manthali mlembiyo analitenga ku mtundu wina wa maapozi.

M'nkhaniyi Rambo ndi msilikali wa ku Amereka amene wabwerako ku nkhondo ya ku Vietnam. Akuyenda wapansi kufunafuna mnzake wotsiriza wa m'gulu lake, koma angomva kuti anamwalira ndi khansa yoyamba ndi mankhwala amene ankapopera nkhalango pa nkhondoyo. Afika m'tauni ya Hope akungofuna chakudya. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, koma mkulu wa apolisi, Will Teasle, ataona tsitsi lalitali ndi zovala zakuda, amupitikitsa ngati galu. Rambo akana kuchoka, amangidwa ndi kuzunzidwa. Pamene apolisi abwera ndi lumo kuti amumete mokakamiza, akumbukira mazunzo a ku ukapolo wa kunkhondo, ndipo athaŵira kumapiri.

Chodabwitsa nchakuti m'kanema yenseyo munthu mmodzi yekha ndiye aoneka akufa: wapolisi amene anagwa m'helikopita pofuna kuombera Rambo. Pamapeto ngwaziyo siivina mwachipambano ayi. Ilira ngati mwana pamaso pa mtsogoleri wake wakale, Trautman, podandaula kuti kunkhondo anaidalira ndi zida zodula, koma kwawo singagwire ngakhale ntchito yonyozeka. M'buku lija Rambo amafa. Opanga kanema anajambulanso mathero a imfa, koma anawataya ataona kuti oonera oyamba sanakondwe nawo.

Apa mpamene zinthu zinatembenukira. Rambo atasiyidwa wamoyo anasanduka malonda. Mu 1985 anamubweza ku Vietnam, mu 1988 anamutumiza ku Afghanistan, mu 2008 ku Burma, ndipo mu 2019 anakalimbana ndi zigaŵenga za ku Mexico. Mitembo inachuluka, mawu anachepa. Munthu amene anayamba ngati umboni wa zilonda za nkhondo anatsirizira kukhala chokometsera nkhondo. M'nyumba za kanema zija, momwe ambiri sankatsata bwino Chingerezi cha ku Amereka, kulira kwa mfuti kunkamveka kwa onse, koma kudandaula kwa msilikali kunkangodutsa anthu akucheza.

Kukumbukira masiku amenewo ndi chisangalalo sikulakwa. Cholakwika ndi kulola kuti phokoso likwirire nkhani. Mphunzitsi amene amafunsa ophunzira ake kuti mpangankhani wachita zakutizakuti chifukwa chiyani, angathe kufunsa chimodzimodzi za kanema: Kodi anayamba ndewu ndani? Kodi zikanatha bwanji Teasle akanangomuloza mlendoyo kogulira chakudya? Luso losanthula buku ndi lomwelo lofunika poonera kanema, ndipo wopanda lusoli amangomeza chilichonse chimene ogulitsa amukonzera.

Mnyamata amene watenga satifiketi yake kunka nayo m'tauni, nabwezedwa pa zipata chifukwa cha maonekedwe ake, ali pafupi ndi Rambo wa 1982 kuposa mmene akuganizira. Aonerenso kanemayo mofatsa. Adzapeza kuti mfuti siinamupezere Rambo ntchito kapena ulemu; inangomutengera kundende.