UTSI WA M'CILIMWE NDI ODWALA MPHUMU

Mwezi wa August ukafika, mapiri ozinga mzinda wa Chipata amayaka moto usiku. Anyamata amatentha thengo pofuna mbewa, alimi amatentha mapesi, ndipo utsi sucoka m'midzi kufikira mvula yoyamba. Kwa munthu wa mphumu imeneyi ndiyo nyengo ya befu. Tinjira ta mpweya m'mapapo mwace timatupa ndi kucepa, cifuwa cimalira, tulo osabwera.

M'caka ca 2008 Boma linaletsa kukoka fodya pa malo osonkhana anthu. Lamulolo ndi labwino, koma silifika m'khichini ya udzu mmene mai amaphika nsima pa mafuwa ali ndi mwana kumbuyo, kapena m'nyumba yotseka mmene mbaula imayaka usiku wonse m'mwezi wa June. Ngakhale a m'tauni sanapulumuke. M'caka ca 2024 cilala citacepetsa madzi ku Kariba, magetsi anali kuzima maola ambiri, ndipo mabanja oculuka anabwerera ku makala.

Mphumu sipatsirana, ndiponso coiutsa sicifanana kwa onse. Wina amayamba befu posankha fodya m'cigafa, wina posenza thonje kapena posola nshawa. Wina ndi cimfine cabe, mphepo ya m'mamawa, ngakhale mphaka wogona pa mphasa. Banja lanzeru limayang'anira cimene wodwala anali kucita befu asanayambe. Likacidziwa limam'patsa nchito yina, ndipo limawaza madzi pansi lisanasese.

Pali mphekesera yakuti munthu akayamba mankhwala opopera m'kamwa sangawaleke, kapena kuti ndi a munthu wotsala pang'ono kufa. Limeneli ndi bodza loopsa. Salbutamol amatsegula cifuwa m'mphindi zocepa, koma sacotsa kutupa. Nchito imeneyo ndi ya mankhwala ena onga beclomethasone, opopera tsiku ndi tsiku. Bungwe la World Health Organization linati m'caka ca 2019 mphumu inapha anthu 455,000, ambiri a iwo m'maiko osauka. Wodwala amene alephera kutsiriza mau cifukwa ca befu asadikire kuca; apite naye msanga ku cipatala capafupi, kaya ku Mwami, ku St Francis ku Katete, kapena ku cipatala cacikulu ca Chipata.

Za moto wa kuthengo, mankhwala ace sali kwa dokotala. Ali kwa mafumu ndi anyakwawa, amene angathe kulamula pa bwalo kuti mapesi afoceredwe m'munda, ndi kuti osaka mbewa azikumba ndi khasu osayatsa moto pafupi ndi mudzi.