Woimba wokhala pansi uja ndani?

Mumzinda wa Nashville, m'dziko la America, muli nyumba ya ulemu yotchedwa Country Music Hall of Fame, mmene amalemba maina a akatswiri a nyimbo za country kuti asaiwalike. Ntchito yolemba mainayi idayamba m'chaka cha 1961, koma padapita zaka 60 asadasankhe ndi mmodzi yemwe woimba gitala ya pedal steel. Woyamba adali Pete Drake, amene adasankhidwa mu 2021, mwini wake atagona kale m'manda kuyambira 1988. Chodabwitsa n'chakuti gitala imeneyi ndiyo imamuuza munthu msanga, ngakhale wailesi ikumvekera kwa aneba, kuti nyimbo ikuimbidwayo ndi ya country. Ndi mawu aja oyenda motsetsereka, okwera ndi kutsika osadukiza, onga a mayi wobuma maliro kutsidya kwa dambo.

Ngati zidatero ndi Drake, munthu amene adaimbira Tammy Wynette, Bob Dylan ndi George Harrison, nanga kuli bwanji anzake amene adali m'magulu osatchuka? Lero, awerengi, tiyeni tikambe za iwowa.

Tiyambe ndi chipangizocho, poti ambiri a ife tidachimva koma sitidachione. Gitala ya pedal steel sakoleka paphewa. Imaima ndi miyendo inayi ngati katebulo, nsambo zitayang'ana kumwamba, ndipo woimba amakhala pampando ngati telala pa makina ake. Kawirikawiri khosi limodzi limakhala ndi nsambo 10, ndipo zina zimakhala ndi makosi awiri. Dzanja lamanzere silikanikiza nsambo ndi zala, koma limagwira kachitsulo kosalala ndi kolemera, n'kumakayendetsa pamwamba pa nsambozo. Dzanja lamanja, litavala tizikhadabo ku zala zitatu, ndilo limaliza nsambo. Phazi lamanzere limaponda mapedulo amene amakunga nsambo zina, mawondo amakankha tizitsulo tolendewera kunsi tomwe timakunga kapena kukhwefula zinanso, pamene phazi lamanja limakweza ndi kutsitsa mawu. Manja, mapazi ndi mawondo zonse zili pantchito, maso ali pansi. Woimba wotere sangavine, sangazungulire pansanja, sangamwetulire ojambula zithunzi. Kuiwalika kwake kumayambira pomwepa.

Kholo la gitalayi ndi kaimbidwe ka ku Hawaii kogoneka gitala pamiyendo, kamene mbiri imati kadayamba ndi Joseph Kekuku chakumapeto kwa zaka za m'ma 1880. Kaimbidweka kadafika ngakhale kuchigawo chathu chino. Akuluakulu a ku Malawi akukumbukira gitala ya hauyani, dzina lochokera ku Hawaii komweko, imene Ndiche Mwarare adatchuka nayo. Koma kusintha kwenikweni kudadza mu 1953, pamene Bud Isaacs, pojambula nyimbo ya Webb Pierce yotchedwa "Slowly", adaponda pedulo nsambo zili mkati molira, mawu ena nakwera ena ataima pomwepo. Chiyambire pamenepo gitalayi idakhala mwini mudzi mu Nashville.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 anyamata a rock a ku California adayamba kuisirira. Iyi idali nthawi ya nkhondo ya ku Vietnam, pamene achinyamata ambiri a ku America ankaona nyimbo za country ngati za makolo okakamira zakale, pomwe okonda country ankawaona anyamata atsitsi lalitaliwo ngati osaleredwa. Gulu la The Byrds lidayesa kuwoloka mtsinje umenewu mu 1968 ndi chimbale cha Sweetheart of the Rodeo, mmene Lloyd Green ndi JayDee Maness adaimba pedal steel. Litakaimba ku Grand Ole Opry chaka chomwecho, anthu adalilandira ndi nkhope zokwinya, ndipo chimbalecho chidangofika pa nambala 77 pa mndandanda wa Billboard.

Gram Parsons ndi Chris Hillman atachoka m'gululi adayambitsa The Flying Burrito Brothers, natenga "Sneaky" Pete Kleinow, munthu amene ntchito yake ina idali yoyendetsa zidole m'mafilimu a ana. Kleinow sadaphunzire kaimbidwe ka ku Nashville. Gitala yake idali Fender ya nsambo 8, ndipo ankailumikiza ku kabokosi kosasitsa mawu, kotero kuti m'nyimbo imodzi yomweyo inkatha kudandaula mofatsa kenaka n'kubangula. Chimbale chawo cha 1969, The Gilded Palace of Sin, lero chimawerengedwa pakati pa mizati ya country rock, koma pa nthawiyo chidathera pa nambala 164.

Gulu la Poco lidabadwa mu 1968 pa bwinja la Buffalo Springfield. Rusty Young, mnyamata wokulira ku Colorado, adaitanidwa kudzaimba pedal steel m'nyimbo imodzi yokha ya Richie Furay, "Kind Woman", ndipo sadabwererenso. Iye adatchuka ndi njira yodutsitsa mawu a gitalayi mu sipika ya Leslie, yomwe idapangidwira limba, moti womvera ankalumbira kuti akumva limba pomwe pansanja palibe. Poco idatulutsa zimbale chaka ndi chaka, oimba akulowa ndi kutuluka, koma nyimbo yake yoyamba kugwedeza dziko, "Crazy Love", idadza mu 1979, gululi litatha zaka zoposa khumi likupalasa.

Nkhani ya Michael Nesmith ndi yosiyana pang'ono. Iye adali wotchuka kale ndi The Monkees, gulu limene lidapangidwira sewero la pa wailesi ya kanema, ndipo kutchuka komweko ndiko kudamutsekera khomo, pakuti anthu ambiri sadakhulupirire kuti angapeke nyimbo zakupsa. Mu 1970 adayambitsa First National Band pamodzi ndi O.J. "Red" Rhodes, katswiri wa m'malo oimbira a ku Los Angeles, ndipo m'miyezi yosakwana 12 adatulutsa zimbale zitatu: Magnetic South, Loose Salute ndi Nevada Fighter. Wofuna kumva chimene pedal steel ingachite yokha afune chimbale cha 1972, And the Hits Just Keep on Comin'. Mulibe ng'oma, mulibe gitala ya besi. Muli anthu awiri basi, Nesmith ndi gitala yake, Rhodes ndi yake, wina kutsogolera wina kuvomera, monga zimakhalira pamtondo.

Mndandandawu ndi wautali. Ku Canada kudali Great Speckled Bird, gulu la Ian ndi Sylvia Tyson, limene chimbale chake cha 1970 chidasowa m'masitolo chifukwa kampani ya Ampex, imene idachitulutsa, sidachifalitse mokwanira. Woimba pedal steel wa gululi, Buddy Cage, ndiye adalowa m'malo mwa Jerry Garcia mu New Riders of the Purple Sage mu 1971. Rick Nelson, pofuna kuvula dzina la mwana wa pakanema, adayambitsa Stone Canyon Band natenga Tom Brumley, amene adaimba ndi Buck Owens nyimbo ya "Together Again" mu 1964. Ku Britain kudali Cochise, gulu limene lidatulutsa zimbale zitatu n'kutha. Anthu mamiliyoni ambiri adamva dzanja la B.J. Cole wa gululi m'nyimbo ya Elton John ya "Tiny Dancer", koma ndi angati angatchule dzina lake?

Tsono n'chifukwa chiyani magulu aluso chotere adamira? Choyamba ndi mawailesi. Nyumba zoulutsira mawu za ku America zinkagawa nyimbo m'makola, ili la country, ilo la rock, ndipo nyimbo yopanda khola inkagona panja. Za anyamatawa zinkamveka za country kwambiri kwa a rock, komanso za rock kwambiri kwa a country. Chachiwiri ndi chikhalidwe cha malonda a nyimbo, amene amagulitsa nkhope ndi dzina la woimba pakamwa, n'kulemba ena onse m'tizilembo ting'onoting'ono kuseri kwa chikuto.

Chachitatu ndicho chowawa: wolima si uja adakolola. Gulu la Eagles litayamba mu 1971, awiri mwa anayi oliyambitsa adachokera m'magulu omwewa. Bernie Leadon adali wa Flying Burrito Brothers, pamene Randy Meisner adadzera ku Poco ndi Stone Canyon Band. Meisner atachoka mu 1977, wolowa m'malo mwake, Timothy B. Schmit, adachokeranso ku Poco. A Eagles adatenga mbewu yomweyo, naisalaza kuti ilowe pa wailesi iliyonse, ndipo mu 2018 zidatsimikizidwa kuti chimbale chawo cha Their Greatest Hits (1971–1975) chidafika pa makope 38 miliyoni m'dziko la America mokha. Sitikunena kuti a Eagles adaba, iyayi. Luso adali nalo, khama adali nalo. Koma amene amayesa kukoma kwa nyimbo ndi kuchuluka kwa makope ogulitsidwa adzaganiza kuti denga lonse lidasenzedwa ndi mutu umodzi.

Mwamwayi, madzi saiwala khwawa. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 oimba achinyamata a ku America adayamba kufukula zimbale zakalezi, ndipo makampani adazitulutsanso pa CD. Mu 2018 Lloyd Green ndi JayDee Maness, onse ali ndi imvi, adajambulanso nyimbo za Sweetheart of the Rodeo, ulendo uno gitala zawo zili patsogolo. Chaka chomwecho Nesmith adadzutsanso dzina la First National Band nakaimba nyimbo zija pamaso pa anthu amene tsopano ankazidziwa. Mu 2022 nyumba ya ulemu ya ku Nashville ija idatsegula chionetsero chotchedwa Western Edge, cholemekeza country rock ya ku Los Angeles, mumzinda womwewo umene udakwinyira nkhope The Byrds.

Koma ulemu wochedwa uli ngati mvula ya mwezi wa Meyi, imagwa chimanga chitauma kale. Red Rhodes adamwalira mu 1995, Kleinow mu 2007, Tom Brumley mu 2009, Buddy Cage mu 2020, ndipo Rusty Young ndi Nesmith onse adatisiya mu 2021. Ambiri mwa amene akadasimba nkhaniyi ndi pakamwa pawo kulibenso. Zatsala ndi nyimbo, ndipo lero nyimbozo zili pafupi kuposa kale, pakuti yense wokhala ndi foni ya intaneti angathe kuzipeza.

Ife a kumwera kwa Africa khutu la nyimbo zimenezi tili nalo kale. Jim Reeves adadzaimba ku South Africa mu 1962, Don Williams adaimba ku Harare mu 1997, ndipo amene adamvapo nyimbo ya "Graceland" ya Paul Simon adamva pedal steel ya Demola Adepoju wa ku Nigeria, wa m'gulu la King Sunny Adé. Chotsala n'kuphunzira kumvetsera mwa njira ina. Sankhani chimbale chimodzi mwa zimene tatchulazi. Ulendo woyamba mverani woimba pakamwa, monga mwa masiku onse. Ulendo wachiwiri musiyeni, mutsate mawu otsetsereka aja amene amalowa iye akapuma, ndipo muone mmene amamalizira zimene pakamwa palephera kunena. Mukatero, funani dzina la mwini dzanjalo, ndipo mulitchule pouza mnzanu za nyimboyo.