Kunenepa kwalowa m'makomboni athu mwakacetecete

Kodi dziko limene mu February 2024 linalengeza cilala kukhala tsoka la dziko lonse lingadandaule za kunenepa? Ambiri angaseke, makamaka pokumbukira kuti mu 2018 ana 35 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu anapezeka opinimbira. Koma mavuto awiriwa akukhala pamodzi, nthawi zina m'nyumba imodzi: mwana wokwinimbira, amai ace onenepa kopitirira.

Kafukufuku wa Boma wa zaumoyo m'mabanja anaonetsa kuti mu 2001 ndi 2002 azimai 12 mwa 100 anali olemera thupi kopyola muyeso. Mu 2007 anafika 19, ndipo mu 2013 ndi 2014 anali 23. Zigawo za Lusaka ndi Copperbelt ndizo zinali patsogolo. Kafukufuku wina wa STEPS, wocitika mu 2017 ndi Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi bungwe la WHO, anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa anai ali pa vutoli, ndipo mmodzi mwa asanu ali ndi BP yokwera.

Cifukwa coyamba ndi cakudya. Ku Kanini, ku Masala kapena ku Chimwemwe, mgaiwa wasanduka ufa wa osauka, aliyense afuna ufa woyera wa Breakfast. M'mawa ndi tiyi wa shuga wambiri ndi vitumbuwa, masana machipisi ndi zakumwa za m'mabotolo. Ulendo umene makolo anali kuyenda pansi kapena pa njinga, lero tikwera minibasi.

Caciwiri ndi maganizo athu. M'zaka za kaliwondewonde, munthu akaonda anthu anali kunong'onezana. Kunenepa kunakhala umboni wakuti munthu ali bwino, ndipo mkazi wonenepa akuti ndiye wosungidwa bwino ndi mwamuna wace. Mankhwala a ARV anayamba kuperekedwa mwaulere zaka zambiri zapitazo, koma mantha oonda sanacoke m'mitima.

Cakudza siciyimba ng'oma. Mafuta ocuruka, makamaka a pamimba, acititsa thupi kulephera kugwiritsa bwino nchito insulini, ndiye ciyambi ca matenda a shuga. Mtima ugwira nchito yolemetsa, BP ikwera, kenaka sitoroko kapena impso kuonongeka. Maondo nao atopa. Matenda otere safuna mankhwala a sabata imodzi monga malungo. Ndi a moyo wonse. Mlimi wa ku Mpongwe akafa ziwalo, munda ugona, ndipo ndalama za feteleza zithera pa maulendo a ku Ndola Teaching Hospital.

Boma layesako. Mu 2019 linaika msonkho wa 30 ngwee pa lita ya zakumwa zosaledzeretsa, koma ndalama yocepa tero siikanabweza munthu wa ludzu. Mu 2021 linatulutsa malangizo a kadyedwe koyenera, ofotokoza zakudya zathu zomwe. Funso ndi lakuti, ndi mabanja angati anawamvapo m'cinenero cao? Palinso cosokoneza: kuyambira 1998 shuga wogulitsidwa muno aikidwamo vitamini A, ndipo ena aganiza kuti kuthira masupuni ambiri ndiko kusamala ana.

Nchito yaikulu yatsalira ife. Pitani ku kiliniki akakupimeni sikelo, msinkhu, BP ndi shuga. Nambala yochedwa BMI ikafika 25 mwapyola muyeso, ikafika 30 mwanenepa moopsa. Ciuno copitirira masentimita 88 kwa amai ndi 102 kwa abambo ndi cenjezo. A WHO alangiza mcere wosapitirira magalamu 5 pa tsiku, imene ndi supuni imodzi ya tiyi, ndiponso mphindi 150 pa sabata zolimbitsa thupi. Kuyenda mwamsanga ndi kulima ziwerengedwa. Cepetsani mitanda ya nsima, onjezani ndiwo zamasamba, ndipo cenjerani ndi ogulitsa tiyi ndi mapiritsi oondetsa.

Inu alimi, mankhwala ali m'minda mwanu: cibwabwa, bondwe, delele, nyemba, nshawa ndi kandolo. Musagulitse zonse ku Chisokone n'kubwerera ndi mabanzi okha. Ndipo pa maukwati, pa maliro ndi pa misonkhano ya parishi, makomiti aganizire madzi akumwa ndi zipatso asanaitanitse makireti. Onenepa tisawaseke, pakuti manyazi ndiwo aletsa ambiri kukapimitsa.