Penti wa zipangizo za m'khitchini ku Dwambazi: kunyezimira ndi kupirira moto

Dwambazi, dera la kumpoto kwa boma la Nkhotakota kumene mtsinje wa dzina lomwelo umalekanitsa bomali ndi la Nkhata Bay, ndi malo amene chitsulo sichichedwa kuchita dzimbiri, pakuti mvula ya m'mbali mwa nyanja imagwa yambiri ndipo chinyontho chimakhalitsa mumpweya ngakhale dzinja litapita. Mbaula ya makala, hotipuleti, kuka yamagetsi ndi firiji, zimene zambiri zimafika m'nyumba zitagwirapo kale ntchito kwina kapena zitabwera ndi abale ochokera ku South Africa, zimayamba kusupuka ndi kufiira m'mphepete pakangopita zaka zochepa, ndipo mwini wake, amene sangakwanitse kugula chatsopano, amaona kuti njira yapafupi ndi kugula kachitini ka penti. Maganizo amenewa ndi abwino, chifukwa kusamala chinthu n'kotsika mtengo kuposa kuchitaya, koma pali mfundo imene ogula ambiri ndi amisiri ena salabadira, yakuti kunyezimira kwa penti ndi kupirira kwake kutentha ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo kawirikawiri chimodzi chikakula chinzake chimachepa.

Gwero la chisokonezo ndi maonekedwe amene chipangizo chimatuluka nawo ku fakitale. Kuwala kwa pamwamba pa kuka yatsopano nthawi zambiri si penti ayi, koma ndi enamel wa galasi, kutanthauza ufa wa galasi umene umasungunulidwira pachitsulo mu uvuni wotentha madigiri pafupifupi 800 pa sikelo ya Celsius, kotero kuti ukazizira umasanduka khungu lolimba losaopa moto wophikira. Thupi la firiji nalo limakutidwa ndi utoto wa ufa umene umamatira pachitsulo ndi mphamvu ya magetsi kenako n'kuwotchedwa pa madigiri pafupifupi 200. Palibe burashi kapena chitini chopopera chimene chingabweze khungu loterolo pakhonde la nyumba, ndipo mmisiri wolonjeza kuti kuka yakale ikhala ngati yatsopano paliponse, kuphatikizapo pozungulira mapuleti ophikira, akulonjeza chimene penti sangathe kuchita.

Penti wa mafuta wonyezimira, amene amapakidwa pazitseko ndi pamawindo ndipo ndi amene amapezeka msanga m'masitolo ang'onoang'ono a m'mbali mwa msewu wa M5, amayamba kufewa, kusintha mtundu ndi kununkha kutentha kukafika madigiri pafupifupi 100, amene ndi mlingo umene madzi amawirira. Penti wa epoxy, amene dzina lake limachokera ku mtundu wa utomoni wolimba kwambiri umene uli m'kati mwake, amapangidwira mafiriji ndi mbali za kunja za zipangizo zina. Amanyezimira bwino ndipo sakalika msanga, koma nayenso malire ake ali pafupi ndi madigiri 90. Pali penti wopangidwira injini za galimoto amene amawala ndithu n'kupirira madigiri pafupifupi 260. Pamwamba pa onsewa pali penti wa silicone, amene utomoni wake supsa msanga, kotero kuti amafika madigiri 600 kapena kupitirirapo pang'ono, koma ameneyu nthawi zambiri amakhala wakuda kapena wotuwa ngati siliva ndipo kuwala kwake n'kochepa. Choncho munthu wofuna mbaula yonyezimira ngati galimoto yatsopano akufuna chinthu chimene moto wa makala sungachilole.

Moto wa makalawo ndiwo uyenera kuganiziridwa kwambiri kuno, chifukwa kalembera wa chaka cha 2018 anaonetsa kuti mabanja opitirira 90 mwa 100 alionse m'Malawi amaphikira nkhuni kapena makala. Makala oyaka bwino amatentha kupitirira madigiri 600, ndipo akamakupiziridwa amapitirira pamenepo kutali, kotero kuti m'mbale ya mbaula mmene makala amakhala, pasefa wogwetsa phulusa ndi patizitsulo tokhazikapo poto, palibe penti wogula m'sitolo amene angakhalitse. Malo amenewa sayenera kupakidwa chilichonse. Mbaula ya mtundu wa jiko, imene inayambira ku Kenya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 ndipo ili ndi mbale ya dothi lowotcha m'kati mwa thupi la chitsulo, ndi imene imapindula ndi penti wa silicone, chifukwa dothilo limatchinga kutentha ndipo chitsulo chakunja sichipsa kwambiri. Chitetezo mbaula, imene yonse ndi ya dothi, sifuna penti n'komwe. Mbaula yofunika kusamala nayo ndi yopangidwa ndi malata okutidwa ndi zinki kapena ndi mgolo umene munali mankhwala, pakuti zinki akatentha kwambiri amatulutsa utsi woyera umene umadwalitsa woupuma ngati wagwidwa malungo, ndipo kupaka penti pamwamba pake kumangobisa vutolo osalichotsa.

Choopsa chachikulu, chimene sichioneka ndi maso, ndi mtovu. Kwa zaka zambiri opanga penti wa mafuta akhala akuthiramo mankhwala a mtovu pofuna kuti mtundu ukhale wowala, makamaka wachikasu, wofiira ndi wa lalanje, komanso kuti penti aume msanga. Mtovu ukalowa m'thupi la mwana umawononga ubongo umene ukukula, umachepetsa nzeru zophunzirira, ndipo kuwonongekako sikubwezeka. Bungwe la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene umadziwika kuti ndi wosavulaza. N'chifukwa chake bungweli pamodzi ndi la UNEP limalimbikitsa mayiko kuti penti asakhale ndi mtovu wopitirira magawo 90 mwa magawo miliyoni imodzi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2020 bungwe la Lead Exposure Elimination Project linayeza penti wa mafuta wogulitsidwa m'Malawi ndipo linapeza mtovu wopyola malire amenewa m'zitini zambiri, zimene zinachititsa kuti Malawi Bureau of Standards (MBS) ilimbitse ntchito yoyendera opanga penti. Zinthu zasintha kuchokera nthawi imeneyo, koma penti wakale amene ali kale pazipangizo sanachoke, ndipo penti wotsanulidwira m'timabotolo topanda chizindikiro, amene wosauka amagula chifukwa ndi wotsika mtengo, sadziwika kumene wachokera. Penti wotere akapakidwa pa mbaula, moto umamusandutsa fumbi ndi timakoko timene timagwera pansi pamene mwana amakwawa ndi pamphika wa ndiwo wosavundikira. Kunyezimira kwa masabata ochepa sikungalipire kuwonongeka kotere, ndipo kholo lili ndi ufulu wonse wofunsa wogulitsa kuti aonetse chitini chenicheni, chizindikiro cha MBS ndi mawu osonyeza kuti pentiyo alibe mtovu.

Mfundo ya mtovuyi imakhudzanso ntchito yokonzekera, imene ndi yofunika kuposa kupaka kwenikweniko. Penti samata pa mafuta ophikira, pa mwaye kapena pa dzimbiri, choncho chipangizo chiyenera kutsukidwa ndi madzi otentha ndi sopo, kuumitsidwa bwinobwino, kukwechedwa ndi burashi ya waya ndi sandipepa mpaka chitsulo choyera chioneke pamene panali dzimbiri, ndiponso penti wakale wotsala achite kukhakhala kuti watsopano apeze pogwira. Kukwechako kuyenera kuchitikira panja, sandipepa atanyowetsedwa kuti fumbi lisauluke, komanso kutali ndi thandala loyanikapo usipa kapena chinangwa cha kondowole, chifukwa fumbi la penti wakale likagwera pa chakudya palibe amene angalione. Pa firiji ndi mbali zozizira za kuka pamayamba utoto woyamba woteteza dzimbiri, koma pa mbaula utoto woterewu sufunika pokhapokha ngati nawonso ndi wopirira moto, pakuti ukapsa pansi umatukula penti wabwino amene ali pamwamba pake.

Nyengo ya m'mbali mwa nyanja ili ndi mawu ake pa ntchitoyi. M'dzinja chinyontho chimachedwetsa kuuma ndipo chimachititsa penti wopopera kuchita mbuu m'malo mowala. M'miyezi ya mwera, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mphepo imanyamula mchenga n'kuumwaza pa penti wosauma. Ndipo tsiku limene nkhungu zatuluka m'nyanja si lopakira chilichonse. Nthawi yabwino ndi m'mawa wa tsiku lopanda mphepo m'mwezi wa Seputembala kapena Okutobala, pamthunzi, chitsulo chisanatenthe ndi dzuwa. Wopopera agwire chitini pa mtunda wa masentimita 20 mpaka 30, apake mopyapyala kawiri kapena katatu m'malo mothira kamodzi mochindikala, ndipo pasakhale moto kapena fodya woyaka pafupi, chifukwa mpweya wotuluka m'chitinimo umayaka.

Firiji, imene kwa wogulitsa nsomba kapena zakumwa ndi chuma chenicheni, ndiyo ingalandire kunyezimira konse kumene mwini wake akufuna, popeza thupi lake silitentha. Iyenera kuzulidwa kumagetsi, ndipo labala wa pachitseko, m'kati mosungira chakudya ndi timapaipi ta kumbuyo totulutsa kutentha zisakhudzidwe ndi penti. Mafiriji ambiri a masiku ano amagwiritsa ntchito mpweya woziziritsa wotchedwa R600a, umene umayaka, choncho mmisiri wochotsa dzimbiri la pansi asayandikize moto kapena makina owotcherera pafupi ndi timapaipito. Pa kuka ndi hotipuleti, penti wowala akhale m'mbali ndi kutsogolo kokha kumene dzanja lingagwire osapsa, pomwe mapuleti ophikira ndi m'kati mwa uvuni zisiyidwe mmene zilili.

Penti wa silicone salimba mokwanira ndi mpweya wokha, koma amafuna kukhwimitsidwa ndi kutentha. Mbaula ikauma kwa tsiku limodzi kapena awiri iyatsidwe panja ndi makala ochepa, popanda poto, moto uwonjezedwe pang'onopang'ono, ndipo munthu aphikirepo pokhapokha utsi ndi fungo la penti zitatheratu. Penti wa mtunduwu ndi wokwera mtengo ndipo nthawi zambiri amafunika kukafunidwa m'masitolo akuluakulu a zomangira ku Mzuzu kapena ku Lilongwe, kotero kuti pa mbaula wamba mtengo wa chitini ungathe kuposa wa mbaulayo. Zikatero, njira yanzeru ndi kusapaka penti konse, koma kuchotsa phulusa tsiku lililonse popeza limasunga chinyontho, kusunga mbaula pamalo osadontha, ndi kupaka kunja kwake timafuta tophikira pang'ono kenako n'kuiyatsa, kuti mafutawo apse n'kusiya khungu lakuda lochedwetsa dzimbiri. Amisiri okhoma mbaula ndi ogulitsa zipangizo zakale m'misika ya ku Dwambazi ndi ku Dwangwa angathandize kwambiri atamauza wogula mtundu wa penti amene apaka ndi malo amene awasiya dala osapaka, ndipo alangizi a zaumoyo a m'midzi angaphatikize nkhani ya mtovu pa uphungu umene amapereka kwa amayi ku sikelo ya ana, makamaka m'sabata yomaliza ya Okutobala, pamene mayiko amakumbutsana za kupewa poizoni wa mtovu.