KOMPYUTA NDI NGOZI ZA PA MSEU WA KAFUE

Mseu waukulu wocokera ku Lusaka umadutsa m'tauni ya Kafue, ndipo ukaoloka ulalo wa mtsinje umagawikana pa Turnpike: mbali ina kupita ku Mazabuka ndi Livingstone, ina kutsikira ku Chirundu. Malole a katundu, mabasi, njinga ndi anthu oyenda pansi amalimbirana mseu womwewo usana ndi usiku. M'Zambia monse, apolisi amalemba imfa za pamseu zokwana pafupi-fupi 2,000 caka ndi caka.

Funso lobvuta ndi ili: n'cifukwa ninji ngozi ina imasiya anthu ndi mabala ang'ono, pamene inzake yofanana nayo imadzetsa maliro? Akatswiri m'maiko ambiri tsopano akufuna yankho ndi nzeru yochedwa machine learning, ndiko kuti kompyuta yophunzira kucokera m'zolembedwa.

Kagwiridwe kake nkotere. Kompyuta imapatsidwa mbiri ya ngozi zikwi zambiri: malo, nthawi, mtundu wa galimoto, liwiro, msinkhu wa wobvulala, ngati anamanga lamba, ndi kukula kwa mabala ace. Iyo imalinganiza zonsezi kufikira itaona zinthu zimene zimakonda kuyendera pamodzi ndi imfa. Pambuyo pace amaiyesa ndi ngozi zina zimene sinazione, kuti adziwe ngati yaphunziradi. Ndi monga mlimi wakale amene amadziwa munda wolowa madzi cifukwa anaona dzinja zambiri.

Zina zikudziwika kale. Bungwe la World Health Organization likuti munthu wogundidwa ndi galimoto yothamanga makilomita 65 pa ola ali pa ngozi ya imfa yoposa kanai poyerekeza ndi wogundidwa pa makilomita 50. Likutinso lamba amacepetsa imfa kufikira theka. Cimene kompyuta ingaonjeze ndico kuloza malo ndi nthawi zeni-zeni: poyenera zitunda zocepetsa liwiro, poyenera nyale, poimika ambulansi, ndiponso wobvulala woyenera kuthamangira naye ku University Teaching Hospital m'malo mocedwa naye. Mu 2016 Boma linaletsa mabasi kuyenda kuyambira 21:00 mpaka 05:00. Malamulo otere amakhudza amalonda ndi apaulendo, motero ayenera kutsamira pa umboni wokwanira.

Koma kompyuta imadziwa cokhaco cimene calembedwa. Apolisi amalemba zimene apeza pamalo a ngozi. Munthu womwalira patapita masiku, ku cipatala kapena kwao, angathe kutsala m'buku monga wobvulala cabe. Ngozi ya njinga yamoto kapena ngolo ya ng'ombe imene mabanja akambirana okha kumudzi silowa m'buku liri lonse. Kompyuta yopatsidwa mabuku otere idzanena kuti miseu ya kumidzi iribe bvuto, ndipo ndalama zokonzera miseu zidzapita kwina. Nayonso yophunzira ku Ulaya siidziwa ngolo yopanda nyale usiku.

Cifukwa cace nchito yoyamba ndiyo kugwirizanitsa mabuku a apolisi, a zipatala ndi a Road Transport and Safety Agency, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2002. Mutu umodzi susenza denga.

Inunso awerengi athu, pamodzi ndi mafumu, muli ndi mbali yanu. Ngozi iri yonse, ingakhale yaing'ono, kaineneni ku polisi, ndipo wobvulala apite ku cipatala. Akamwalira pambuyo pace, bwererani mukauze apolisi kuti buku likonzedwe.